Mwana wa Mmphaŵi: M'mene Chimbale Choyamba cha Lucius Banda Chidalandiridwira



Madzulo ano tikambirana za chimbale chimodzi cha nyimbo chimene chidamveka m'dziko muno m'chaka cha 1994. Mwini wake adali mnyamata wa ku Balaka wosakwana zaka 25, dzina lake Lucius Banda, ndipo chimbalecho adachitcha Son of a Poor Man, ndiye kuti mwana wa munthu wosauka. Ndidziŵa kuti ena mwa inu mwayamba kale kunena kuti, "Kodi za Soja n'zofotokozeranso munthu?" Zoonadi dzinalo n'lodziŵika. Koma Soja amene ambirife timkumbukira ndi wa pambuyo pake, bambo wa thupi lake, mwini gulu la Zembani, phungu wa ku Nyumba ya Malamulo. Ine ndifuna tibwerere m'mbuyo kufika pa nthaŵi imene iye adali mng'ono wake wa Paul Banda chabe, woimba m'gulu la mkulu wake, kuti tione chimene chidachititsa kuti chimbale choyamba cha mnyamata wotere chiloŵe m'nyumba za anthu mwamsanga chomwecho, ngakhale m'midzi ya kutali ndi Balaka.

Mudzi wa kutali umene ndiudziŵa bwino ndi kwathu kwa Mfumu Yaikulu Mwadzama, m'boma la Nkhotakota, m'mbali mwa nyanja, kumene mseu wochokera ku Salima umadutsa pa Benga polunjika ku Chia ndi kuboma. Chaka cha 1994 ine ndidali kamwana kongothamangira nkhuku, choncho sindinganene kuti ndidaona tsiku limene kaseti ya Lucius idafika. Chimene ndinganene n'chakuti pamene ndidayamba kuzindikira zinthu, kasetiyo ndidaipeza ili kale m'nyumba mwa amalume, amene adali msodzi wa usipa, itafwifwa chikuto, ndipo akuluakulu ankaigwira mosamala kuposa makaseti ena onse. Pamene ina ya nyimbo zake idayamba, macheza ankaduka. Ife ana tidazoloŵera kuti wailesi ikalira anthu amavina kapena amapitiriza nkhani zao. Tsono kuona amuna aakulu atakhala chete pa mphasa, ukonde uli pamiyendo, osasoka, chidali chinthu chotidabwitsa. Kudabwa kumeneko ndiko kwabala nkhani ya lero.

Tiyambe ndi kumene mnyamatayo adachokera. Lucius Banda adabadwa pa 17 August 1970 m'mudzi mwa Sosola ku Balaka. M'chaka cha 1978, pa parishi ya Akatolika ya ku Balaka, padayambika gulu la oimba lotchedwa Alleluya, mothandizidwa ndi wansembe wa ku Italy wa chipani cha Montfort, Bambo Mario Pacifici. Mtsogoleri wa gululo adali Paul Banda, ndipo Lucius adayamba kuimba ndi mkulu wakeyo ali ndi zaka 13. Mfundo imeneyi tisaipeputse. Pamene mnyamatayu ankajambula chimbale chake choyamba, adali atatha zaka pafupifupi khumi akuimba pamaso pa anthu, m'matchalitchi, m'maholo ndi m'mabwalo. Adali wamng'ono pa zaka koma sadali mlendo pa ntchito. Adakulira m'maimbidwe a kwaya, m'mene mau a anthu angapo amayendera pamodzi mogwirizana, ndiponso m'mene woimba amaphunzira kutchula liu lililonse momveka, popeza nyimbo ya m'tchalitchi imene mau ake samveka ndi nyimbo yakufa.

Balaka yemweyo adali ndi mbiri inanso. Kalata ya maepiskopi a Chikatolika imene idaŵerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, yodzudzula zolakwika za ulamuliro wa chipani chimodzi, idasindikizidwa pa makina a Amontfort ku Balaka komweko, ndipo posakhalitsa nyumba yosindikizirayo idatenthedwa. Mnyamata wa zaka 21 wokhala m'tauni yaing'ono ngati imeneyo sakadalephera kumva fungo la utsiwo. Tikamafunsa kumene woimba wachichepere adatenga mtima wonena zimene akulu ankanong'ona, tiyenera kukumbukira kuti adaona ansembe a kwao akunena poyera, naona mtengo wake.

Tsopano za reggae. Maimbidwe ameneŵa adabadwira pa chilumba cha Jamaica kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo adafalikira m'maiko ambiri makamaka chifukwa cha Bob Marley, amene adadzaimba mu mzinda wa Harare, pa bwalo la Rufaro, pa chikondwerero cha ufulu wa Zimbabwe mu April 1980. Koma kwa achinyamata a kuno a m'zaka zimenezo, mphunzitsi wapafupi adali Lucky Dube wa ku South Africa, amene adasiya kuimba mbaqanga m'Chizulu natembenukira ku reggae, ndipo zimbale zake za Slave cha 1987 ndi Prisoner cha 1989 zidamveka m'mabasi ndi m'magolosale a dziko lino. Lucky Dube adaonetsa kuti munthu wa kuno ku Africa angathe kubwereka ng'oma ya ku Jamaica n'kuimbira mavuto a kwao.

Ndiloleni ndikhale mphunzitsi pang'ono, pakuti ndiyo ntchito imene ndidayamba kuphunzira ndisanaloŵe m'nyumba youlutsira mau. Mukafuna kuphunzitsa ana kayendedwe ka nyimbo, mumaŵauza kuti aŵerenge 1, 2, 3, 4 mobwerezabwereza akuomba m'manja. M'nyimbo za perete ndi nyimbo zambiri za m'buku la kutchalitchi, mphamvu imagwa pa 1 ndi pa 3, monga momwe phazi la msilikali limatsikira pansi. Reggae imatembenuza zimenezi. Gitala salira mosalekeza, koma amangodula kaliu kakafupi pa 2 ndi pa 4, ngati munthu wosadza udzu ndi chikwakwa. Ng'oma yaikulu nayo, m'kaimbidwe kamene eni ake amakatcha one drop, imasiya malo a 1 opanda kanthu n'kudzagwa pa 3. Pansi pa zonsezi pamayenda gitala wa besi, wolemera, wosafulumira. Yesani kuomba m'manja motero muli pomwepo, mudzaona kuti pakati pa kuomba kumodzi ndi kunzake pakutsala mpata. Mpata umenewo ndiwo chuma cha reggae, chifukwa ndimo m'mene mau a woimba amakhala. Nyimbo yothamanga imameza mau. Reggae imaŵasiyira njira.

Taganizani tsono zimene zinkamveka m'malo achisangalalo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Kudali kwasakwasa wa ku Zaire, wa anthu onga Kanda Bongo Man, woimbidwa m'Chilingala. Kudali nyimbo za ku Zimbabwe za Leonard Dembo ndi John Chibadura, za m'Chishona. Kudali nyimbo zovinira za ku South Africa za Yvonne Chaka Chaka ndi Brenda Fassie. Zonsezi zidali zokoma, ndipo tidavina, koma tinkavina ndi miyendo, makutu ali pa tchuthi. Sindinena kuti kuno kudalibe oimba a mau. Adalipo Allan Namoko, Robert Fumulani, Daniel Kachamba ndi ena, amene nyimbo zao zili ndi nzeru zakuya. Koma m'masiku amenewo woimba wofuna kudzudzula ankabisa mau ake m'mwambi, m'nthano ya nyama kapena m'dandaulo la banja, kuti akafunsidwa akhale ndi pothaŵira. Kuyambira m'chaka cha 1968 padali lamulo lokhazikitsa bungwe loona ndi kuletsa mabuku, mafilimu ndi nyimbo. Ndipo reggae idali ndi vuto lakelake: malamulo a m'zaka za m'ma 1970 adaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali, kotero kuti mnyamata wofuna kufanana ndi Marley akadakumana ndi lumo la apolisi asanagwire n'gitala yemwe. Magulu ena a m'tauni, monga Kalimba, adaimbako maimbidwe otsamira ku reggae m'zaka za m'ma 1980, koma kudali kuyenda moponda mazira.

Akulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi. M'chaka cha 1993 Lucius adapita ku Johannesburg kukaphunzira zoimba ku Dorkay House, nyumba ya mu mseu wa Eloff imene ili ndi mbiri yaikulu, pakuti ndimo m'mene mudadutsa akatswiri onga Hugh Masekela ndi Miriam Makeba m'zaka za m'ma 1950. Ali komweko adajambula chimbale chake mu situdiyo ya Shandel, mothandizidwa ndi katswiri wojambula nyimbo wa ku Argentina, George Arigone. Mwa amai amene adamthira mang'ombe padali Deborah Fraser, amene pambuyo pake adadzatchuka kwambiri ndi nyimbo zauzimu m'dziko la South Africa.

Kwa omvera a lero, amene adazoloŵera kuti mnyamata aliyense ali ndi situdiyo pa kompyuta m'chipinda chake chogona, izi zingaoneke zazing'ono. Sizidali zazing'ono. Kwa zaka zambiri oimba a kuno ankajambula nyimbo zao ku nyumba ya wailesi ya MBC, ndipo nyimbozo zinkatsala komweko pa matepi aakulu, kudikira tsiku limene muulutsi adzazikumbukire. Woimba ankatchuka dzina, koma adalibe kanthu kogwira m'manja koti agulitse. Tsono apa padatuluka kaseti ya mwana wa ku Balaka imene kamvekedwe kake kadali kosalala, besi yomveka bwino, mau a amai oyankha olongosoka, yoti mukaiika pambuyo pa kaseti ya Lucky Dube simuchita manyazi. Anthu adanyadira chimenechi choyamba, asanafike n'pa mau omwe.

Nyimbo za m'chimbalecho sizidali za mtundu umodzi. Zina zidali m'Chingerezi, monga Life on Earth, ndipo padali ina yotchedwa Linda. Reggae yake sidali yolemera ngati ya ku Kingston. Idali yopepukirapo, yotsamira pa kiyibodi, yosakanizika ndi kukoma kwa nyimbo za pop za ku South Africa ndi mgwirizano wa mau wa kwaya ya ku Balaka. Mwa maganizo anga, ndipo ena angatsutse, nyimbo za m'Chingerezizo ndizo zidaonetsa msinkhu wa woimbayo. M'menemo mumamva mnyamata amene akadayang'anabe kwa aphunzitsi ake, wofuna kutsimikizira dziko kuti nayenso angathe. N'zabwino, koma wina akadatha kuziimba. Nyimbo imene wina sakadatha kuiimba, imene idadula macheza pa mphasa ya amalume, ndi ya m'Chicheŵa yotchedwa Mabala, yonena za zoŵaŵa zimene anthu adaziona mu ulamuliro wa chipani chimodzi.

Kuti timvetse kulemera kwa dzina limenelo, tikumbuke m'mene zinthu zidaliri. Pa 14 June 1993 Amalaŵi adaponya voti ya riferendamu, ndipo pafupifupi anthu 63 mwa 100 alionse adasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, kusiya tambala wakuda. Mu December chaka chomwecho asilikali adalanda zida za a Payoniya. Pa 17 May 1994 kudachitika chisankho chimene chidaika Bakili Muluzi pa mpando m'malo mwa Dr. Kamuzu Banda. Pa pepala, munthu adali mfulu kunena zakukhosi. Koma lilime limene lakhala lomangika zaka 30 silimasuka tsiku limodzi. Anthu adali ndi zambiri m'mitima: abale amene adatsekeredwa ku Mikuyu ndi ku Dzeleka popanda mlandu, a Mboni za Yehova amene adathaŵira ku Zambia ndi ku Mozambique nyumba zao zitatenthedwa, amai amene adabwezedwa pa chipata cha msika kapena pakhomo la basi chifukwa chosoŵa khadi la chipani, nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene adafera ku Mwanza mu May 1983. Andale ankanena zimenezi pa misonkhano, inde, koma wandale akamalira maliro anthu amadziŵa kuti diso lina lili pa voti. Manyuzipepala atsopano ankalemba, koma nyuzipepala idali ya m'tauni ndi ya odziŵa kuŵerenga. Chimene chidasoŵa ndi liu la munthu wamba, lonena m'chinenero cha pakhomo, loti ungalimvere pamodzi ndi mnansi wako popanda iwe mwini kutsegula pakamwa.

Mfundo yotsirizayi ndiyo ndifuna tiimirepo, chifukwa ndi pamene kwathu kukuloŵera m'nkhani. Pa riferendamu ija, anthu ambiri a m'chigawo chapakati adavotera chipani chimodzi. Ndiye kuti m'midzi yambiri ya m'chigawo chino, kuphatikizapo ya m'mbali mwa nyanja, munthu wa nyali ndi munthu wa tambala ankakoka ukonde umodzi, kupemphana moto, kukumana pa maliro. Amene adali wapampando wa nthambi ya chipani, amene adagulitsa makhadi, amene adavala malaya ofiira a Yufi, sadali mlendo wochokera kutali. Adali mlamu wako, kapena mwana wa azakhali ako. Ku tauni mungathe kutukwana boma lakale pa bwalo la msonkhano n'kubwerera kunyumba kwanu kumene palibe akudziŵani. Kumudzi sizitero. Mukanena kuti "mudatizunza", mwaloza munthu amene maŵa mudzakhala naye m'bwato limodzi pakati pa nyanja usiku.

Apa ndi pamene kaseti idagwira ntchito imene munthu sakadaigwira. Mwini wailesi sadanene kanthu, adangodina batani. Wolakwiridwa adamva mlandu wake ukunenedwa, wolakwa naye adamva, ndipo panalibe woti amuyankhe kapena kumsumira kwa amfumu, popeza wonenayo adali mnyamata wa ku Balaka amene sadziŵa n'dzina lomwe la mudziwo. Makolo athu adali nayo kale nzeru imeneyi. Mai wokwiya ndi mpongozi wake ankaimba pamtondo, ndipo mudzi wonse unkamva, koma nyimbo ya pamtondo siitengeredwa kubwalo. Gule Wamkulu naye amadzudzula ngakhale mfumu, chifukwa wonena ndi chilombo. Kaseti ya Lucius idaloŵa m'malo amene mwambo udakonza kale. Ndikhulupirira kuti ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene chimbale cha maimbidwe achilendo chidalandiridwira ngati chakwathu.

Nanga idafika bwanji kumeneko? Masiku amenewo wailesi m'dziko muno idali imodzi yokha, ya MBC. Wailesi yachiŵiri ya bungweli idatsegulidwa m'chaka cha 1997, ndipo wailesi yakanema idadza m'chaka cha 1999. Kwa zaka zonse za m'mbuyomo, nyimbo imene sidadutse pa wailesi imodziyo idali ngati sidabadwe. Koma pofika 1994 padali patabwera njira ina. Mawailesi a kaseti adali atachuluka, ogulidwa ndi ndalama za fodya, za mpunga, za nsomba, kapena obwera ndi abale ochokera ku Joni. M'zaka za m'ma 1990 sitolo ya O.G. Issa ku Limbe idasanduka msika waukulu wa makaseti a oimba a kuno, ndipo kuchokera m'mizinda makaseti ankayenda m'zikwama za mavenda kufika pa misika ya m'mbali mwa mseu. Kunyanja adali ndi njira yaoyao: ogula usipa ochokera ku Lilongwe ndi ku Salima ankabwera ndi katundu wa m'tauni, nabwerera ndi madengu a nsomba zouma pa thandala. Msodzi akapha bwino amakhala ndi ndalama m'manja tsiku lomwelo, zimene mlimi amaziona kamodzi pa chaka, ndipo asodzi achinyamata sachedwa kugula chinthu chatsopano.

Kumvera kaseti kumudzi kudali ntchito. Magetsi kudalibe. Mabatire adali odula, ndipo akafooka tinkaŵayanika padzuŵa pokhulupirira kuti abwezamo mphamvu. Liu la woimba likayamba kukoka ngati la munthu woledzera, tinkadziŵa kuti zatha. Pofuna kubweza tepi m'mbuyo osaononga batire, ankatipatsa ife ana kuti tiipote ndi bolopeni. Tepi ikatafunidwa ndi makina, ankaidula bwinobwino n'kuilumikiza, ndipo pamalo pamenepo nyimbo inkadumpha mpaka kalekale. Ndikunena izi osati pofuna kuseketsa, koma kuti muone kuti munthu amene mabatire ake ndi oŵerengeka sataya mphamvu pa nyimbo yosamkhudza. Amasankha. Ndipo chimene anthu adasankha kubwereza ndicho chidatsala. Kunalibe mndandanda wa nyimbo zotchuka umene ukadatha kuyeza chikondi chotere.

Pali mbali ina yosakondweretsa. Wailesi ya makomo aŵiri inkatha kukopera kaseti ina pa inzake, ndipo makaseti ambiri amene adayenda m'midzi adali okopera, olembedwa dzina ndi bolopeni. Lamulo loteteza eni nyimbo lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1989, ndipo bungwe la COSOMA lidayamba ntchito m'chaka cha 1992, koma dzanja lake silikadafika pa gombe lililonse. Choncho njira yomweyo imene idatchukitsa woimbayo ndiyo idamdyeranso thukuta. Mwana wa mmphaŵi ankaberedwa ndi amphaŵi anzake, amene ankamkonda ndi mtima wonse.

Dzina la chimbalecho nalonso lidagwa pa nthaka yonyowa. Chaka cha 1992 kudali chilala choopsa, ndipo mu February 1994 ndalama ya kwacha idamasulidwa kuti ipeze yokha mtengo wake pa msika, nigwa kwambiri m'miyezi yotsatira. Mitengo ya sopo, mchere, palafini ndi ulusi wa ukonde idakwera. Anthu adapeza ufulu ndi umphaŵi zitafika pa basi imodzi. Kwa zaka zambiri tidaphunzitsidwa kuimba kuti m'dziko muno anthu ali ndi chakudya, zovala ndi nyumba zosadontha; tsono kumva mnyamata akudzitcha poyera mwana wa wosauka, osachita nazo manyazi, kudali kumasuka kwa mtundu wina.

Musaganize kuti onse adaombera m'manja. Adalipo okhulupirika a chipani chakale amene adaona ngati mwanayo akutukwana akulu, ndipo kwa munthu amene adakula akumva kuti Kamuzu ndi nkhoswe, kudzudzula kotero kudali ngati kuloza manda ndi chala. Adalipo opemphera amene adadandaula kuti mwana woleredwa m'nyimbo za Mulungu waloŵerera ku ndale ndi ku maimbidwe a anthu osuta chamba, pakuti m'maganizo a makolo ambiri reggae ndi chamba zidali mapasa. Adaliponso akatswiri a reggae a m'tauni amene ankati iyi si reggae yeniyeni, yachita kutsekemera, kiyibodi yachuluka. Otsirizaŵa adanena zoona pang'ono, koma adaphonya mfundo. Chimene iwo adachiyesa chilema ndicho chidasanduka mtundu wa maimbidwe umene anthu adautcha reggae ya ku Balaka, umene udalamulira misika ya makaseti kwa zaka zambiri, kudzera mwa Paul Banda ndi situdiyo yake ya Imbirani Yahwe, ndi oimba onga Billy Kaunda, Mlaka Maliro, Charles Sinetre ndi Coss Chiwalo. Kunena zoona, pambuyo pake maimbidwewo adafika potopetsa, pamene aliyense wogula kiyibodi adayamba kuimba mofanana. Koma mlandu umenewo ngwa otsanzira.

Ofuna reggae yolemera adadikira mpaka 1999, pamene Evison Matafale wa ku Chileka adatulutsa chimbale chake choyamba, Kuimba 1. Iye adamwalira ali m'manja mwa apolisi mu November 2001, zimene zidakumbutsa anthu kuti mabala sadathe ndi chisankho cha 1994.

Lucius mwini sadaime. Adatulutsa Down Babylon m'chaka cha 1995 ndi Cease Fire m'chaka cha 1996, ndipo m'chaka cha 1997 adayambitsa gulu lakelake la Zembani. Diso lake lidatembenukira kwa olamulira atsopano, pa nkhani za katangale ndi malonjezo osakwaniritsidwa, ndipo anthu adamutcha Soja, msilikali wa amphaŵi. M'chaka cha 2004 adasankhidwa kukhala phungu wa kumpoto kwa Balaka pansi pa chipani cha UDF, ndipo kuyambira pamenepo okonda nyimbo zake adagaŵikana: ena adati wapita kukamenyera nkhondo m'kati, ena adati woloŵa m'nyumba ya mfumu saimbanso za pamtondo. Mkangano umenewo ngwa tsiku lina. Adamwalira pa 30 June 2024 m'chipatala ku South Africa, m'dziko lomwe lija adajambulira chimbale chake choyamba, atavutika nthaŵi yaitali ndi matenda a impso. Adali ndi zaka 53.

Nditapita kwathu pambuyo pa malirowo, nyengo ya mwera, ngalaŵa zili pamtunda chifukwa cha mafunde, ndidapeza anyamata pa gombe akumvera nyimbo za Soja pa foni, zoikidwa pa kakhadi kakang'ono kuposa chikhadabo. Ambiri mwa iwo adabadwa Kamuzu atamwalira kale, ndipo khadi la chipani sadalionepo. Mabala ankaiimba motsatira liu ndi liu, koma poyang'ana nkhope zao ndidaona kuti akuikamo mabala aoao: mtengo wa mafuta a injini, usipa wochepa, satifiketi ya Folomu 4 yogona m'sutikesi. Ndidafunsa za kaseti ija ya amalume. Idapezeka m'chitini cha mabisiketi, pamodzi ndi makhadi akale a kusikelo ndi malisiti a ukonde. Tepi yake ikadali yolumikizidwa pamalo aŵiri. Tidafunafuna m'mudzi monse wailesi yoti tiiikemo, koma sidapezeke.